Pa Chitakale, mapu ajambulidwe titayenda kaye ndi eni malo

Amene wadutsapo pa Chitakale, m'boma la Mulanje, madzulo akudziwa mmene malowa amathinira. Msewu wa M2 wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo umakumana pamenepa ndi wopita ku Likhubula ndi Phalombe, ndipo pamphambano pomwepo pamakhala maminibasi, akabaza, amayi ogulitsa nanazi ndi nthochi, ana akusukulu komanso malole. Ine ntchito yanga ndi yokonza mapulani a matauni, ndipo anthu amandifunsa kuti malo otere angakonzedwe bwanji. Ndimawayankha kuti tiyambe ndi kuyenda pamalopo pamodzi ndi amene amapezekapo tsiku ndi tsiku.

Malamulo ali kale kumbali ya anthu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo zofuna za anthu zimayenera kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), kenako kukhonsolo. Lamulo la mapulani la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, kutanthauza kuti Chitakale, Limbuli kapena Bvumbwe sangamangidwenso chisawawa. Pamene pamavuta ndi pa kafunsidwe. Msonkhano ukaitanidwa 10 koloko m'mawa, kumabwera mafumu ndi apampando a makomiti. Mayi wa tomato sangasiye benchi yake nthawi imeneyo, wakabaza ali pamsewu. Mapu amavomerezedwa ndi manja, koma amene adzawagwiritse ntchito sanawaone.

Choyamba kufunsa ku Mulanje kuno ndi madzi. Mvula yathu ndi yambiri, ndipo madzi otsika m'phiri amabwera ndi liwiro, monga namondwe Freddy anationetsera mowawa mu Malichi 2023. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kwa ife a mapulani mawuwa ndi enieni. Gogo amene wakhala pamalopo kuyambira kale akulozerani pamene pankadutsa kamtsinje pasanamangidwe golosale. Mwini sitolo akuonetsani mzere wa matope pakhoma, pamene madzi anafika chaka chatha. Zimenezi sizioneka pa chithunzi chojambulidwa kumwamba mu Seputembala. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti ulendo umodzi uchitike mvula ikugwa, aliyense ndi ambulera yake.

Ngalande imayamba kumangidwa kumunsi, kumene madzi akatulukire, n'kumakwera nayo. Mukayambira kumtunda, mwangosamutsira chigumula pakhomo la mnzanu. Paipi yodutsa pansi pa msewu ikachepa, majumbo ndi makoko a chimanga amaitseka, madzi n'kuyamba kudya m'mphepete mwa phula mpaka msewu kugumuka. Ngalande yovundikira ndi masilabu ochotseka ndiyo ndimaikonda, chifukwa pamwamba pake anthu amapeza poyenda, ndipo ndi yosavuta kukokolola.

Nkhani ya mavenda ndiyo imandikhudza kwambiri. M'matauni ambiri muli mashedi abwino a malata atsopano omwe angokhala opanda munthu, mavenda atabwerera kumsewu. Ena amati ndi mwano. Ayi ndithu. Kasitomala wa mayi wa nanazi ndi munthu amene ali pawindo la minibasi, ndipo shedi yobisika kuseri imamulanda mayiyo chakudya cha ana ake. Mukawafunsa, iwo eni amanena zofunika: poima maminibasi pachoke pa phula palowe pambali, khomo la msika liyang'ane pomwepo, akabaza akhale ndi malo awo odziwika, pakhale chimbudzi cha madzi ndi magetsi a sola kuti malonda a madzulo asachitikire mumdima.

Kufunsa anthu sikutanthauza kuwalonjeza chilichonse. M'mbali mwa msewu waukulu ngati M2 muli malo osungidwira msewuwo, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe loona za misewu la Roads Authority, ndipo khonsolo singalole nyumba ya njerwa mmenemo. Izi zinenedwe poyera tsiku loyamba, pamodzi ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe zilipo, kuti anthu asankhe okha choyambira, kaya ngalande kaya chimbudzi.

Ntchito isanaperekedwe kwa kontilakitala, palembedwenso mgwirizano wa chisamaliro: ndani azikokolola ngalande mu Okutobala mvula isanayambe, zinyalala zizitengedwa masiku ati, ndipo pa ndalama za matikiti a msika ndi zingati zizibwerera kudzagwira ntchito imeneyi. Pepalalo limatidwe pakhomo la msika, kuti wolipira tikiti aliyense aziliwerenga.