Nsomba kukhala zamoyo m'thanki sikutanthauza kuti madziwo ndi abwino kwa munthu

Uthenga uwu ndi wa inu amene mwayamba kumene, kapena mukuganiza zoyamba, kuweta nsomba ndi kulima masamba m'madzi amodzimodzi kuseri kwa nyumba, ulimi uja akuutcha aquaponics. Sitikuletsa munthu. Ndi ulimi wabwino, sufuna malo aakulu ndipo sutha madzi ambiri. Chomwe chatidetsa nkhawa ife a zaumoyo ndi mawu amene akuyenda m'mafoni ndi pakamwa pa anthu, akuti: "Nsomba sikhala m'madzi oipa. Ukaiona ikusambira, dziwa kuti madziwo ndi oyera." Ena afika ponena kuti masamba a m'menemo safunika kutsuka chifukwa sanakhudze dothi. Ena akutunga madzi a m'thanki n'kumatsukira mbale. Ena akupisamo manja ali ndi zilonda, osaganizako kawiri.

Mawu amenewo ndi abodza, ndipo adwalitsa anthu. Nsomba ndi nsomba, munthu ndi munthu. Chimene nsomba imapirira mwina inu simungachipirire, mwana wanu ndiye nanji.

M'thankimo mumachitika zotani?

Mwachidule. Nsomba zikadya zimatulutsa amoniya, wambiri kudzera m'ziwalo zake zopumira, wina m'zonyansa zake. Amoniyayo ndi poizoni kwa nsombazo. Pampu imakankhira madzi kumene kuli mbewu zobzalidwa pa timiyala, ndipo pa timiyala ndi pa mizu pamakhala mabakiteriya a mitundu iwiri. Oyamba, monga Nitrosomonas, amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni. Achiwiri, monga Nitrobacter ndi Nitrospira, amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene mbewu zimayamwa ngati chakudya. Madzi amabwerera kwa nsomba, n'kumangozungulira choncho.

Taonani bwino: m'njira yonseyi palibe pamene madzi amaphitsidwa, palibe pamene amathiridwa klorini. Sangathiridwe n'komwe, chifukwa klorini amapha nsomba pamodzi ndi mabakiteriya othandizawo. N'chifukwa chake madzi a m'mpopi mumayamba mwawasiya poyera tsiku limodzi kapena awiri musanawathire m'thanki. Ndiye kuti inu nomwe, mwadala, mumachotsa chinthu chimene chimateteza madzi akumwa. Kuwonjezera apo madziwo mumawasunga ofunda, popeza nsomba monga tilapia zimakula bwino pa madigiri 27 mpaka 30. Madzi ofunda, a chakudya chambiri, opanda klorini: tizilombo toyambitsa matenda tikalowamo tapeza pokhala. Timiyala ndi mizu zimasefa matope n'kuwasiya madzi ali mbee, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tizilomboto timalowa bwanji?

Amene amafalitsa mphekeserayi amatsamira pa mfundo imodzi yoona. Amati mabakiteriya a E. coli amakhala m'matumbo a nyama zofunda magazi, osati m'nsomba. N'zoona. Koma thanki yanu ili panja. Mbalame imatera pamphepete n'kusiya chitosi. Khoswe amayenda pa paipi usiku n'kukodzera pomwepo. Abuluzi ndi achule amanyamula Salmonella, mabakiteriya otsegulitsa m'mimba, osadwala. Galu amamwamo. Inu nomwe mumachokera kuchimbudzi kapena kukhola n'kukadyetsa nsomba musanasambe m'manja. Zonsezi zikalowa, nsomba zimangosambira ngati palibe chachitika, ndipo pampu imafikitsa tizilomboto pa mbewu iliyonse.

Kusowa kwa dothi sikuteteza. M'chaka cha 2021, ku United States, anthu 31 anadwala Salmonella atadya masamba a letesi olimidwa m'madzi mopanda dothi, m'nyumba yotchingidwa bwino ku Illinois. Kumeneko kunalibe n'komwe nsomba, ndipo anali alimi a zipangizo zamakono. Nanga thanki yosavindikira ya kuseri kwa nyumba?

Choncho masamba onse atsukidwe ndi madzi akumwa, osati a m'thanki. Pokolola dulani pamwamba, mizu ndi timiyala zisakhudze gawo lodyedwa, ndipo musamathirire masamba pamwamba ndi madzi a nsomba. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chinatsika adye masamba ophika. Nsomba ipse mpaka m'kati, osachepera madigiri 63. Nsomba ya m'madzi opanda mchere sidyedwa yaiwisi; ku Singapore m'chaka cha 2015 anthu ambiri anadwala kwambiri matenda a m'magazi atadya nsomba zotere zosaphika.

Za zitosi za nkhuku ndi madzi a kumtsinje

Apa ndiye pamene oyamba kumene amalakwitsa kwambiri. Mabakiteriya othandiza aja samera tsiku limodzi. Amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti achuluke, ndipo nthawi yonseyo mumayenera kumayeza madzi, kudikira kuti amoniya ndi nitrite zitsike pansi pa miligalamu imodzi pa lita, n'kuyamba ndi nsomba zochepa. Munthu wagula kale zipangizo, mtima uli dyokodyoko, ndiye wina amunong'oneza kuti, "Thiramo zitosi za nkhuku kapena ndowe, zifulumira," kapenanso, "Katunge madzi a kumtsinje pamodzi ndi zomera zake, muli kale mabakiteriya."

Chonde musatero. Kuthamanga sikufika. Zitosi za nkhuku ndi kwawo kwenikweni kwa Salmonella ndi Campylobacter, ndipo ndowe ya ng'ombe imatha kukhala ndi E. coli O157:H7, amene amatsegulitsa m'mimba mwa magazi n'kuwononga impso za ana. Khola lisakhale pamwamba kapena pafupi ndi thanki. Madzi ndi zomera za kumtsinje, m'madera amene muli likodzo, zimabwera ndi nkhono zing'onozing'ono zonyamula tizilombo tolowa pakhungu la munthu ngakhale palibe bala. Ngati mukufuna kufulumizako, tengani timiyala pang'ono kwa mlimi amene thanki yake ikuyenda bwino ndipo nsomba zake sizikudwala, kapena muziponyamo chakudya cha nsomba pang'onopang'ono kuti chiziwola.

Ndipo wina adzakuuzani kuti, "Ine ndinathira zitosi, nsomba sizinafe." Tanena kale. Kusafa kwa nsomba si umboni.

Bala la padzanja: musadikire

Pano tikhalitsapo, chifukwa kuchedwa kumene kumatidandaulitsa kuli apa.

Tilapia ili ndi minga yakuthwa pamsana. Mlamba uli nayo m'mbali. Timiyala timakanda, m'mphepete mwa thanki yodula ndi sowo mumacheka. Woyamba kumene amabayidwa kawirikawiri. Kabala kake kamakhala kakang'ono, munthu amangokayamwa, n'kupukutira ku malaya, n'kupitiriza ntchito. Mawa lake dzanja latupa, iye akuti, "Ndi munga chabe, ziphwa zokha." Mkuja kufiira kwakwera kumkono, iye ali pakhomo kuthowa ndi madzi otentha.

M'madzi a nsomba mumakhala mabakiteriya amene akalowa pabala sachedwa. Aeromonas hydrophila amapezeka pafupifupi m'madzi onse opanda mchere, ndipo amatha kutupitsa dzanja pasanathe masiku awiri, nthawi zina n'kuyamba kuwoletsa mnofu. Streptococcus iniae amagwira tilapia. Ku Toronto m'zaka za 1995 ndi 1996 anthu anagonekedwa m'chipatala atadzibaya pokonza nsomba zotere, ambiri mwa iwo okalamba, ndipo kutupa kunkayamba pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Nsomba yonyamula tizilomboti nthawi zina imaoneka yathanzi ndithu.

Palinso wina wozembera, Mycobacterium marinum, m'bale wake wa kachilombo ka TB, amene anapezeka koyamba m'chaka cha 1926 m'nsomba zosungidwa m'mathanki ku Philadelphia. Uyu safulumira. Bala limapola, munthu n'kuiwala. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina miyezi, pamatuluka kachotupa kofiirira pachala kapena kuseri kwa dzanja, kosapweteka kwenikweni. Kamakula pang'onopang'ono, kamaphulika, kenako tina timatuluka motsatana kukwera kumkono ngati mikanda. Kachilomboka kamakonda malo ozizirako pang'ono, n'chifukwa chake kamakhazikika m'manja. Mankhwala ake amamwedwa miyezi ingapo, ndipo akachedwa kamalowa m'mitsempha ndi m'mfundo za zala.

Mukabayidwa kapena kuchekeka, tulutsani dzanja m'madzi nthawi yomweyo. Tsukani ndi sopo ndi madzi akumwa oyenda, chotsani kachidutswa ka munga ngati kakuoneka, phimbani ndi nsalu yoyera kapena pulasitala. Musatsukire m'thanki momwemo ayi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala ndi lakuya, ngati munga wathyokera m'kati, ngati kufiira kukufalikira, ngati pali mizere yofiira yokwera kumkono, matuza, mafinya, kutentha thupi, kapena ululu woposa kukula kwa balalo. Odwala shuga, a matenda a chiwindi kapena impso, amene ali ndi HIV, amene akulandira mankhwala a khansa, ndi okalamba, asadikire n'komwe zizindikirozi.

Mukafika, nenani mawu awa momveka: "Ndimaweta nsomba, ndipo dzanja ili limalowa m'madzi a nsomba." Musachite manyazi, musaganize kuti n'zosafunika. Aeromonas nthawi zambiri samva amoxicillin, ndiye makapisozi ongogula nokha akutayitsani masiku pachabe. Mycobacterium marinum naye samera bwino akamuyeza pa kutentha kwa nthawi zonse kwa m'labu. Dokotala akadziwa za nsombazo ndi pamene amapempha kuyeza koyenera. Funsaninso za katemera wa kafumbata.

Magolovesi a labala ofika m'chigongono akhale chida choyamba kugula, nsomba zisanabwere. Pogwira nsomba gwiritsani ntchito kaukonde. Amene ali ndi chilonda chosapola asapise dzanja m'madzimo, apemphe wina.

Kutentha thupi kosadziwika bwino

Mkodzo wa makoswe umanyamula tizilombo ta leptospirosis, tomwe timakhala m'madzi n'kulowa pabala, m'maso kapena m'kamwa. Pakatha masiku asanu mpaka 14 munthu amatentha thupi, mutu umapweteka, akatumba a m'miyendo amawawa, maso amafiira, nthawi zina amasanduka achikasu. Zimafanana ndi malungo. Akakuyezani malungo osapezeka, musangobwerera kunyumba chete, tchulani za thanki ija. Chakudya cha nsomba chisungidwe m'chidebe chotseka kuti chisaitane makoswe. Ndipo chizolowezi choyamwa paipi ndi pakamwa pofuna kukoka madzi chitheretu.

Madzi a m'thanki asafike pakamwa pa khanda

Nitrate amene amakometsa masamba ndi woopsa kwa makanda. Bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita m'madzi akumwa, koma madzi a aquaponics oyenda bwinobwino amatha kupitirira pamenepo kawiri kapena katatu, nsomba zili gwa. Khanda la miyezi yochepa likamwa madzi otere, magazi ake amalephera kunyamula mpweya, milomo ndi zala zimada mobiriwira, limapuma movutika. Kuphitsa sikuchotsa nitrate, kumangomuwonjezera mphamvu madzi akamaphwa. Ndiye ngakhale mpopi utauma, musasungunulire mkaka wa mwana, musaphikire, musamwe. Khanda likaonetsa zizindikirozi, thamangani nalo kuchipatala.

Mwaonatu apanso: nsomba zamoyo, madzi owala, mwana pangozi.

Zina zofunika musanathire madzi

Mwana wongoyamba kuyenda amamira m'madzi osafika n'komwe m'mawondo a munthu wamkulu, ndipo amamira mwakachetechete, osakuwa. Ana amakopeka ndi nsomba. Thanki iliyonse, kuphatikizapo ija ya pansi yolandira madzi, ikhale ndi chivindikiro cholimba chimene mwana sangatukule, kapena mpanda wokhoma. Ukonde wotchingira mbalame sugwira mwana.

Magetsi ndi madzi: soketi ikhale pamwamba, pouma, ndipo wodziwa zamagetsi akuikireni chipangizo chodula moto chokha ukangotayikira, chija amati RCD. Zulani pulagi musanapise manja. Waya wolumikiza ndi tepi asagone pansi ponyowa.

Migolo ndi mathanki akale amene munali mankhwala a mbewu, mafuta kapena penti sayera ngakhale mutatsuka kangati; pulasitiki amamwa mankhwalawo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ngati simukudziwa chimene munali, usiyeni. Mankhwala ophera tizilombo musapopere pa mbewuzi, amathera m'madzi ndi m'nsomba. Mankhwala a anthu kapena a ziweto musathire m'thanki nsomba zikadwala: amapha mabakiteriya othandiza, amatsalira m'mnofu wa nsomba, komanso amazoloweretsa tizilombo kusamva mankhwala.

Udzudzu umakula kuchoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10 kukamatentha. Inde, nsomba zimadya mphutsi zake, koma m'thanki mwawo mokha. Mu sefa, m'thanki ya pansi, m'ndowa zodikiritsa madzi ndi m'madzi otayikira pansi mulibe nsomba. Vindikirani, ndipo yang'anani mlungu uliwonse.

Nsomba ikafa, kapena ikaoneka ndi zilonda, maso otuluka, kapena ikusambira mozungulira, ichotseni ndi kaukonde mutavala magolovesi, muikwirire mozama. Musaidye, musapatse galu kapena mphaka, musagawire mnansi. Zotsalazo zikamasambira bwino, musati madzi ayera. Mukamaliza ntchito iliyonse pathankipo, ngakhale kungoponya chakudya, sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 ndi madzi akumwa musanagwire chakudya kapena kunyamula mwana.