Ma strut kapena ma shock pa quad yothamangitsa pamchenga? Mafunso ndi mayankho

Kodi strut ndi chani, ikusiyana pati ndi shock?

Strut yomwe tikunena pano siyija ya pagalimoto ayi. Pa quad (njinga yamoto ya matayala anayi) ya drag, mpikisano wothamanga mowongoka pa mtunda waufupi, strut ndi kachitsulo chabe kowongoka, ka aluminiyamu kapena chitsulo cholimba chotchedwa chromoly, kokhala ndi ma heim joint (timfundo tachitsulo totha kutembenuka, tokhala ndi bowo la bawuti) kunsonga zonse ziwiri, nde mumachotsa shock n'kumanga kachitsuloko pa mabawuti omwewo. Mulibe sipuling'i, mulibe oyilo, palibe chimene chimafinyika. Shock ija imabonyera ikagunda bampu kenako oyilo wamkatimo n'kuibweza pang'onopang'ono. Ndi strut chotsala chofewa ndi mpweya wa m'matayala basi, ndi msana wanu.

Nanga munthu amachotseranji ma shock abwinobwino?

Kulemera, choyamba. Mpikisano wa pamchenga nthawi zambiri ndi mafiti 300, pafupifupi mamita 91, ndipo quad yokonzedwa bwino imamaliza m'masekondi ochepa kwambiri, nde kilo iliyonse yomwe mwachotsa imaoneka pa nthawi yanu. Chachiwiri quad imatsika pansi n'kukhala pa msinkhu umodzi womwewo, kutsogolo sikutukuka pang'onopang'ono ponyamuka ngati mmene ma shock amachitira akamatambasuka. Komanso strut njotchipa poyerekeza ndi shock yabwino. N'chifukwa chake pa ma quad a Yamaha Banshee ambiri osinthidwa kukhala a drag mumaona timitengo tiwiri tachitsulo kutsogoloku.

Ndingomanga ma strut malo onse atatu, awiri kutsogolo ndi amodzi kumbuyo, basi?

Dikirani kaye, yang'anani mchenga womwe muzithamangapo. Ine ndimati nkhani yonseyi imathera pamenepa. Ngati ndi thiraki yosamalidwa, yomwe thirakitala imasalaza ndi kuthirira madzi pakatikati pa mipikisano, ma strut amagwira bwino zedi. Koma ngati mumathamanga m'milu ya mchenga, monga ku Oldsmobile Hill ku Glamis, California, komwe m'munsi mwa phiri mumakhala mabampu otsatizana chifukwa cha anthu ambirimbiri odutsapo, quad yopanda shock imangodumpha ngati wilibala pa miyala, ndipo tayala likakhala m'mwamba silikukankha kalikonse, injini imangolira chabe mnzanu wa ma shock akukudutsani. Zoopsa zenizeni zili mukadutsa mzere womalizira. Kumeneko ndi komwe muli pa liwiro lalikulu kuposa pena paliponse, ndipo nthawi zambiri sikusalazidwa bwino ngati poyambira, nde mukugwira mabuleki matayala akutsogolo akunjanja osagunda pansi mokwanira, chiwongolero chikugwedezeka m'manja. Musanagule chilichonse kayendeni wapansi mbali imeneyo muione ndi maso.

Kumbuyo bwanji, strut kapena shock?

Apa anthu amakangana mpaka kalekale. A strut amati shock ikabonyera ponyamuka imadya mphamvu yomwe ikanapita ku matayala akumbuyo okhala ndi mapadulo (timizere totukuka tokankha mchenga ngati nkhafi). A shock amati kubonyera pang'onoko ndi komwe kumakanikiza mapadulo mumchenga kuti agwire, osangokumba dzenje pamalo amodzi. Onse ali ndi mfundo, koma wongoyamba kumene ndimamuuza kuti ma strut kutsogolo, shock yolimba kumbuyo. Matayala akutsogolo ponyamuka amakhala akungokhudza mchenga pang'ono, pomwe akumbuyo ndi amene asenza ntchito yonse, iwowo akayamba kudumphadumpha mwaluza kale.

Chinanso, mukatalikitsa swingarm (mkono wachitsulo wogwira matayala akumbuyo) ndi mainchi 6 kapena 8 kuti quad isamaimirire, mkono wautaliwo umafinya shock mosavuta kuposa kale, nde sipuling'i yoyamba ija imakhala yofewa mopitirira. Ambiri amathamangira strut poganiza kuti shock ndiyo yalephera, chonsecho inkangofunika sipuling'i yolimbirapo.

Palibe njira yapakati?

Ilipo. Pali ma shock opepuka opanda sipuling'i, odzazidwa mpweya wa nitrogen, a kampani ya Marvin Shaw ndi omwe amatchuka kwa anthu a drag. Mukawapopa kwambiri amalimba kuyandikira strut koma akagunda bampu yayikulu amabonyerako ndithu. Ena amangomanga malamba kutsogolo kuti ma shock akale akhale ofinyika, zotchipa, koma kulemera kuja sikunachoke.

Malamulo a mpikisano amalola zonsezi?

Zimatengera thiraki ndi gulu lomwe mwalembetsa, palibe lamulo limodzi la dziko lonse. M'magulu a ma quad osasinthidwa kwambiri, ma strut, swingarm yayitali kapena wheelie bar (chitsulo chakumbuyo choletsa quad kuimirira mopitirira) zikhoza kukukwezani gulu, n'kukapezeka mwaima pambali pa chilombo cha injini yayikulu kuposa yanu. Werengani pepala la malamulo musanamasule bawuti. Helemeti ndi chingwe chija chomangirira pathupi chozimitsa injini mukagwa, zimenezo konzekeranitu, amazifunsa pafupifupi kulikonse. Ngati mukuthamanga bracket, komwe mumanena nokha nthawi yanu ndipo mukathamanga kuposa pamenepo mwaluza, chofunika si liwiro lokha koma kubwereza nthawi yomweyo ulendo uliwonse, ndipo pa thiraki yosalala strut imathandiza pamenepa chifukwa palibe chomwe chikusintha quad ikamanyamuka.

Ndidziwa bwanji kuti chomwe ndasankha chikugwira?

Kapepala ka nthawi kamene amakupatsani, yang'anani nambala ya mafiti 60 oyamba, ndi pomwe kunyamuka kumaonekera. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, osati strut, mpweya wa m'matayala ndi giya tsiku limodzi kenako n'kumadabwa kuti chathandiza n'chiti. Uzani mnzanu akujambuleni pafoni kuchokera chambali, muonere pang'onopang'ono ngati matayala akumbuyo akudumpha.

Ndaika ma strut, ndiziyang'anira chani?

Fulemu. Kugunda konse komwe shock inkameza tsopano kukupita pa timakutu tomangirapo shock tija ndi pa ma A-arm (mikono yogwira matayala akutsogolo), nde mukamaliza tsiku pukutani mchenga muone ngati penti yayamba kung'ambika pafupi ndi powotcherera, kumeneko ndiko kuyamba kwa mng'alu. Ma strut awiri akutsogolo akhale ofanana utali ndendende apo ayi quad izikokera mbali imodzi, ndipo mabawuti akhale olimba enieni, osati ongotola. Ma shock akale aja musagulitse, ndi mabawuti awiri okha pa iliyonse kuwabwezera tsiku lomwe mukupita ku milu ya mchenga.