Kodi chingwe cha faiba (ulusi wagalasi wonyamula uthenga ndi kuwala) chingapyole mtunda wolembedwa?

Ofesi ziwiri zatalikirana makilomita 12, koma kachida kotumiza kuwala, kotchedwa SFP+, ndi kamtundu wa LR, kamene malire ake ndi makilomita 10. Kodi zigwira? Nthawi zambiri zimagwira, koma yankho lenileni limapezeka poyeza.

Malire a makilomita 10 amachokera pa kuchuluka kwa kuwala kotayika m'njira. Muyezo wa 10GBASE-LR umalola kutaya 6.2 dB (dB ndi muyeso wa kuwala kotayika) pakati pa mbali yotumiza ndi yolandira. Faiba ya single-mode, yomwe kuwala kumadutsamo njira imodzi, pa kuwala kwa 1310 nm (nm ndi muyeso wa utali wa funde la kuwala), imadya pafupifupi 0.35 dB pa kilomita, ndiye makilomita 12 atenga 4.2 dB. Zotsalazo zimathera pa makonekita, iliyonse 0.3 mpaka 0.5 dB, ndi pa mfundo zowotcherera, pafupifupi 0.1 dB iliyonse. Chingwe chatsopano chimakwana, ngakhale movutikira. Chimene chinadulidwapo ndi okumba ngalande n'kulumikizidwa kangapo sichingakwane. Yezani ndi power meter, chida choyezera mphamvu ya kuwala, ndipo chida china chotchedwa OTDR chikuonetsani pomwe kuwala kukutayikira. Pukutaninso makonekita musanaimbe mlandu mtunda, fumbi losaoneka ndi maso limadya kuwala kwambiri.

Ine sindikhulupirira kulumikizana kongogwira pamalire. Lero zili bwino, chingwe chikadzadukanso n'kuwotcherera, mapaketi a uthenga ayamba kutayika ndipo aliyense aziti intaneti yavuta. Bwino kugula SFP+ ya mtundu wa ER mbali zonse ziwiri. Imagwiritsa ntchito 1550 nm, pomwe galasi limadya pafupifupi 0.2 dB pa kilomita, ndipo imafika makilomita 40. Chenjerani pa mtunda waufupi: kuwala kwake kukhoza kuchulukira mbali yolandira, ndiye mufunika attenuator yochepetsa mphamvu.

Pa faiba ya multimode, monga ya mtundu wa OM3 ndi OM4, nkhani ndi ina. OM3 imanyamula liwiro la 10G (magigabiti 10 pa sekondi) mamita 300 okha, OM4 mamita 400. Kuwala kumadutsa njira zambiri mkati mwa galasi, kwina n'kufika msanga, kwina mochedwa, zizindikiro n'kulowererana. Kuwonjezera mphamvu sikuthandiza kanthu. Tsitsani liwiro kufika 1G, lomwe limafika mamita 550, kapena ikani switch pakati ngati pali magetsi odalirika, apo ayi yalani single-mode.

Ena amafunsa za amplifier, chida chokulitsa kuwala, monga EDFA. EDFA imakulitsa kuwala kwa m'dera la 1550 nm, pa LR sichita kanthu, ndipo siikonza chizindikiro chomwazika. Pa 10G, mtunda ukamapitirira makilomita 80 kumwazikako kumakula, ndiye pamafunika chida chochepetsa kumwazika kapena malo apakati olandira chizindikiro n'kuchitumizanso mwatsopano.