Kuchira kwa munthu sikusandutsa magazi ake kukhala mankhwala

"Uyutu anadwala n'kuchira, mum'tape magazi muike wodwala wathuyu." Mawu amenewa ndatopa nawo. Anthu awiri akhoza kuchira matenda amodzimodzi, koma plasma ya wina, madzi achikasu otsala tikachotsa maselo m'magazi, n'kukhala ndi ma antibody (asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi matenda) ochuluka, ya mnzakeyo ili mbee. Ndi maso simungasiyanitse matumba awiriwo.

Poyeza mu labotale timasungunula plasma mobwerezabwereza, 1:80, 1:160, 1:640, mpaka tione pamene mphamvu yake yathera. Njira yoyezera yotchedwa ELISA ndi yachangu, koma imangotiuza kuti ma antibody akumata pa vayirasi. Ngati akuitsekeradi njira yolowera m'maselo, zimenezo zimafuna kuyeza kwina kwa masiku angapo, kawirikawiri ndi vayirasi yamoyo mu labotale yotetezedwa kwambiri.

Nkhani imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya Ebola ku Guinea mu 2015. Odwala anapatsidwa plasma kuchuluka kwa ma antibody ake kusanadziwike, chifukwa mliri sudikira zotsatira. Phindu looneka silinapezeke. Atadzayeza pambuyo pake, matumba ambiri anali ofooka. Ndiye cholephera chinali chiyani, njirayo kapena mlingo? Chonsecho ku Argentina, pa matenda a vayirasi ya Junin, kafukufuku wa 1979 anali ataonetsa kale kuti plasma yoperekedwa m'masiku 8 oyamba inatsitsa imfa kuchoka pa odwala 16 kufika pa 1 mwa 100 alionse.

Mwaona mawu oti masiku oyamba? Pa Covid-19, okalamba 160 ku Argentina komweko analowetsedwa m'kafukufuku pasanathe maola 72 chiyambireni zizindikiro: mwa olandira plasma yamphamvu, 16 peresenti anadwala mwakayakaya, pamene mwa osalandira anali 31. Koma kafukufuku wa RECOVERY ku Britain, wa odwala oposa 11,000 ogonekedwa kale, anapeza imfa zofanana mbali zonse, 24 peresenti. Mapapo akatupa, vayirasi yachita kale zake, ma antibody afika mochedwa.

Choncho musasunge wodwala kunyumba mukusakasaka wopereka magazi. Ndipo aliyense wokutsatsani plasma mwamseri, m'thaweni. Ndani anaiyeza HIV, chindoko, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C? Gulu la magazi likugwirizana? Woperekayo anachira liti, poti ma antibody amatsika miyezi ikamapita, ndipo vayirasi imasintha? Ngakhale thumba loyezedwa bwino limatha kubanikitsa munthu likulowa, n'chifukwa chake timaliika namwino ali pomwepo.