Ndaima kapena ayi? Yamba wawerenga masiku

Mtsikana wina wa zaka 16 anakhala pampando m'chipinda chomwe ndimaonera anthu, manja atawapanikiza pakati pa mawondo, maso ali pansi. Nditamufunsa chomwe chamubweretsa anayamba wakhala chete, kenaka motsitsa mawu anati: "Anesi, mawere akundiwawa, ndikumva nseru, usiku wathawu ndadzuka kawiri kukakodza. Ndiye kuti ndaima, eti?" Ndinamufunsa tsiku lomwe anagonana ndi mnzakeyo. Panali patangopita masiku 4. Mawerewo ankawadinikiza kangapo pa tsiku kuti amve ngati akuwawa, ndiye anayambadi kuwawa.

Pantchito yanga ya unamwino ndi uzamba ndakumana ndi atsikana ambiri otere, mtima uli m'mwamba, tulo osabwera. Ngati nawe uli m'gulu limeneli, mwanawe, imva izi: patangopita masiku 4, thupi lako silinadziwe n'komwe ngati muli mimba kapena ayi. Zomwe ukumvazo n'zenizeni, sukunama, koma sizikuchokera ku mimba ya kugonana kumeneko.

Chifukwa chake chili m'mene mimba imayambira. Dzira la mkazi limatuluka kamodzi pa mwezi, kawirikawiri kutatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wotsatira uyambe, ndipo limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Umuna ndiwo wolimba: ukhoza kudikira m'thupi la mkazi mpaka masiku 5. Zikakumana, dziralo limayenda pang'onopang'ono m'kanjira kopita kuchiberekero, n'kukamatirira pakhoma lake patapita masiku 6 mpaka 12. Likamatirira m'pamene thupi limayamba kupanga homoni yotchedwa hCG. Homoni imeneyi ndi yomwe kachipangizo koyezera mimba kamafufuza mumkodzo. Nseru ya mimba imabwera mochedwa kuposa pamenepa. Kwa ambiri imayamba cha m'sabata ya 6 kuwerengera kuchokera tsiku loyamba la msambo womaliza, ndiye kuti msambo utadumpha kale.

Nanga mawere owawawo, kutopa, m'mimba kudzadza, kukwiya msanga? Pali homoni ina, progesterone, yomwe imakwera mwezi uliwonse dzira likangotuluka, kaya waima kaya sunaime. Ndi yomwe imatupitsa mawere ndi kukufoola msambo ukamayandikira. Mwezi watha unazimvanso zimenezi, kungoti sunaziganizire chifukwa panalibe chokuopsa. Zizindikiro za msambo womwe ukubwera ndi za mimba yongoyamba kumene zimafanana kwambiri moti ngakhale mzamba wa zaka zambiri pantchito sangazisiyanitse pongomva wina akufotokoza.

Mantha nawo ali ndi zizindikiro zawo. Amachititsa nseru, amathetsa chilakolako cha chakudya, amakupititsa kukakodza pafupipafupi. Choipitsitsa n'chakuti nkhawa yaikulu ikhoza kuchedwetsa kutuluka kwa dzira, ndipo dzira likachedwa msambo nawo umachedwa. Ukuopa kuti msambo subwera, manthawo akuuchedwetsa, kuchedwako kukuwonjezera mantha. Onjezerapo kuti pa zaka zoyambirira mtsikana atatha msinkhu, msambo sukhala utakhazikika. Kutalikirana kwa masiku 21 mpaka 45 pa msinkhu umenewu si matenda. Kudwala, kuonda kapena kunenepa msanga, ndi masewera olimbitsa thupi opitirira muyeso zimausunthanso.

Sindikunena kuti zizindikiro za mimba kulibe. Chachikulu ndi msambo kudumpha. Pambuyo pake pamabwera mawere kukula ndi kuda kunsonga, nseru nthawi iliyonse ya tsiku osati m'mawa mokha, kutopa kwachilendo, kudana ndi fungo lomwe kale sunkadana nalo. Ena amaona timadontho ta magazi tochepa n'kuganiza kuti asamba. Ena samva kalikonse mpaka miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake ndimati zizindikiro zimangokuuza kuti ukayezetse, koma yankho lenileni lili pa kuyeza.

Kuyezako kuli ndi nthawi yake. Yeza kuyambira tsiku lomwe msambo umayenera kubwera koma sunabwere. Ngati masiku ako sadziwika bwino, werenga masiku 21 kuchokera tsiku lomaliza kugonana mosadziteteza. Ukayeza masiku amenewa asanakwane, kachipangizoko kakhoza kunena kuti palibe mimba pamene ilipo, chifukwa hCG ikadali yochepa. Gwiritsa ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa, usanamwe madzi ambiri. Ona tsiku lothera ntchito papaketi. Viika kansonga kake mumkodzo osapitirira mzere womwe aikapo, kagoneke pamalo osalala, udikire mphindi zomwe alemba. Mizere iwiri ndiye kuti mimba ilipo, ngakhale wachiwiriwo utaoneka mozilala. Mzere umodzi pa chilembo C ndiye kuti sinapezeke. Ngati pa C sipanatuluke mzere, kachipangizoko sikanagwire ntchito, tenga kena. Usakatolenso patapita ola lathunthu n'kumakayang'ana padzuwa, chifukwa mkodzo ukauma umasiya kachithunzi konga mzere komwe kalizitsa atsikana ambiri popanda chifukwa. Ngati sinapezeke koma msambo sukubwerabe, yezanso pakatha sabata imodzi.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Iye anabwera kudzafunsa za zizindikiro, koma chachangu pa tsiku limenelo chinali china. Pa tsiku la 4, mwayi wopewa mimbayo unali ukadalipo, ndipo ukanatha mawa lake. Apa m'pamene mtima umandipweteka kwambiri: atsikana ambiri amathera masiku 5 oyambirirawa akudzimvetsera m'thupi, pamene ndi masiku okhawo omwe akanachitapo kanthu.

Kulera kwa pangozi kulipo mitundu itatu. Piritsi la levonorgestrel limagwira bwino likamwedwa pasanathe maola 72, ndipo kumwa msanga ndiye kwabwino koposa. Piritsi la ulipristal limafika maola 120, omwe ndi masiku 5. Lupu ya kopa, kachipangizo kolerera kokhala m'chiberekero, ikaikidwa pasanathe masiku 5 ndiyo yamphamvu kuposa zonse: mwa akazi 100, wotenga mimba safika ndi mmodzi yemwe. Mapiritsiwa amagwira ntchito pochedwetsa dzira kuti lisatuluke umuna ukadali wamoyo. Sachotsa mimba yomwe yakhazikika kale. Ndiye ngati dzira linali litatuluka kale, akhoza kulephera. Ukasanza pasanathe maola awiri utamwa, bwerera ukamwe lina. Dziwanso kuti akhoza kufulumizitsa kapena kuchedwetsa msambo wotsatira, komanso kuwawitsa mawere ndi kuchititsa nseru. Msambo ukachedwa kupitirira masiku 7, yeza. Ndipo piritsi la lero siliteteza kugonana kwa mawa.

Palinso wotchi ina yomwe imathamanga kuposa iyi. Ngati sukudziwa mmene mnzakoyo alili pa nkhani ya HIV, kapena ngati anakukakamiza, mankhwala a PEP, oteteza kuti usatenge HIV, amayenera kuyambika pasanathe maola 72. Kukakamizidwa si kulakwa kwako, ngakhale wokukakamizayo akhale chibwenzi chako. Pita kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso lina lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Koma tinagwiritsa ntchito kondomu, ingalephere?" kapena "Ndili pa mapiritsi, ndingaime?" Palibe njira yolerera yomwe ndi yosalepheratu, kupatula kusagonana. Koma kusiyana kwa njirazi n'kwakukulu, ndipo n'koyenera kukumvetsa. Akatswiri amawerenga motere: mwa akazi 100 ogwiritsa ntchito njira inayake kwa chaka chathunthu, ndi angati amatenga mimba? Popanda njira iliyonse ndi pafupifupi 85. Ndi kondomu ya abambo, mmene anthu amaigwiritsira ntchito tsiku ndi tsiku, ndi pafupifupi 13, koma ikamavalidwa molondola nthawi iliyonse ndi 2 okha. Mapiritsi omwa tsiku lililonse ndi pafupifupi 7, pamene kwa osaphonya safika mmodzi. Jakisoni wa miyezi itatu ndi pafupifupi 4. Ka pamkono, komwe amaika pansi pa khungu la mkono, ndi lupu safika mmodzi. Kuthira panja ndi pafupifupi 20.

Taona bwino manambalawa. Ndi a chaka chonse, si a kugonana kamodzi. Ngati kondomu inavalidwa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, sinaphulike, sinavuke, mwayi wa mimba pa tsiku limenelo ndi wochepa zedi. Chinanso, mpata wa pakati pa 2 ndi 13 suchokera kufakitale. Umachokera kwa anthu: kuvala mochedwa zinthu zitayamba kale, kusafinya kansonga kuti mpweya utuluke, kung'amba paketi ndi mano, kupakapo Vaseline kapena mafuta odzola omwe amafoola mphira, kuvala awiri nthawi imodzi, kuchedwa kutuluka mpaka kondomu kutsalira mkati, kapena tsiku lija loti "lero lokha tisavale". Mapiritsi nawo amafuna mutu wokumbukira tsiku ndi tsiku, pa nthawi ya mayeso, paulendo, ngakhale pamene ukuwabisa kuti kunyumba asawaone. Ka pamkono ndi lupu zimapambana chifukwa chimodzi: zikaikidwa, palibenso choti uiwale. Ka pamkono ka Implanon kamagwira zaka 3, ka Jadelle zaka 5, lupu ya kopa zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo ukafuna kuchotsa umachotsa nthawi iliyonse.

Ine maganizo anga ndi awa. Ngati sunayambe zogonana, kapena unayamba koma mtima sukufuna, palibe amene ali ndi ufulu wokuthamangitsa, ndipo kudikira si uchitsiru. Koma ngati ukugonana, njira yosadalira kukumbukira, pamodzi ndi kondomu nthawi iliyonse, ndiyo ingakupatse mtendere. Kondomuyo isachoke chifukwa ndi yokhayo yomwe imatchinga HIV, chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana. Mapiritsi, jakisoni, ka pamkono ndi lupu sizitchinga matenda ngakhale pang'ono.

Kuwerenga masiku "otetezeka" sindikulimbikitsa mtsikana wa msinkhu wako. Njira imeneyi imafuna msambo wokhazikika, ndipo wako ukadasinthasintha. Ma app a pafoni amangoyerekeza, saona mkati mwa thupi lako. Kuthira panja nako kumadalira mnyamata kudzigwira pa nthawi yomwe kudzigwira n'kovuta, komanso timadzi totsogola tija tikhoza kukhala ndi mbewu. Zoti koyamba munthu saima, zoti mukachita choimirira siilowa, zoti ukakodza kapena kutawasa msanga umuna umatuluka, zonsezi n'zabodza. Mtsikana akhoza kuima ngakhale asanaone msambo wake woyamba, chifukwa dzira limatuluka msambo usanabwere.

Kwa amene ali kale pa njira, pali zingapo zoti adziwe. Jakisoni wa Depo amabayitsa masabata 13 aliwonse, ndipo ambiri omwe ali pa jakisoni kapena ka pamkono msambo wawo umasokonekera kapena kusiyiratu. Kumeneko si kuima, ndiponso magazi sakuunjikana m'mimba. Khoma la chiberekero limangokhala lopyapyala, ndiye palibe choti chituluke. Njirazi sizichititsa munthu kukhala wosabereka, ngakhale ngati sanaberekepo. Jakisoni yekha ndi amene amachedwetsa kubwerera kwa mphamvu yobereka ndi miyezi ingapo. Ukaphonya mapiritsi awiri kapena kuposa, kapena ukasanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri, gwiritsa ntchito kondomu masiku 7 otsatira ndipo ufunse namwino ngati pakufunika kulera kwa pangozi. Mankhwala ena amafoola mapiritsi ndi ka pamkono: rifampicin wa chifuwa chachikulu, ena a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin, ndi efavirenz wa HIV. Usasiye mankhwalawo, ungomuuza wokupatsa njirayo kuti ukumwa chiyani. Amoxicillin ndi anzake wamba alibe vuto limeneli.

Nanga mizere ikatuluka iwiri? Mutu udzaima, ndikudziwa. Koma usamwe chilichonse chomwe wina wakuuza kuti chitsitsa msambo, kaya ndi zitsamba, kaya mapiritsi ambiri nthawi imodzi, ndipo usalowetse kanthu kumaliseche. Ndaonapo atsikana akufika atataya magazi ambiri, thupi litatentha, chifukwa choopa kuuza munthu mmodzi yekha. Mutu umodzi susenza denga. Peza wamkulu yemwe umamukhulupirira, kaya ndi mayi ako, azakhali, mkulu wako, upite naye kuchipatala msanga kuti akuone, akuuze msinkhu wa mimbayo, mukambirane zoyenera kuchita. Ukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi, chizungulire, kukomoka kapena kupweteka paphewa, usadikire kuti kuche. Mwina mimba yamera m'kanjira kunja kwa chiberekero, ndipo kanjirako kakaphulika munthu akhoza kufa m'maola ochepa.

Iwe mnyamata, ngati wawerenga mpaka pano chifukwa mnzako wakuuza kuti msambo wachedwa, usazimitse foni. Usamufunse mawu oti "ndi yanga?" iye akunjenjemera. Khala naye muwerenge masiku, ukagule koyezera, umuperekeze.

Mtsikana uja anamwa piritsi la pangozi ndisanamalize n'komwe kulemba m'buku. Maola a PEP anali atadutsa, ndiye tinamuyeza magazi tsiku lomwelo n'kupangana tsiku lodzayezanso. Ndinang'amba kapepala n'kulembapo deti la tsiku la 21, ndipo ndinamupempha kuti mpaka tsikulo mawere aja awasiye. Anabweradi, kapepala kaja atakapinda kanayi m'thumba la siketi. Mzere unatuluka umodzi. Anapuma mozama, n'kupukuta m'maso, kenaka anapinda dzanja la bulauzi n'kundifunsa ngati ka pamkono kamawawa poika.