Manambala akakana, lembani kuti akana

Chaka chilichonse ndikamaweruza nawo ntchito za ana pa chionetsero cha sayansi, ndimakumana ndi chiganizo chimodzimodzi kumunsi kwa bolodi: "Kafukufuku wanga watsimikiza kuti hypothesis yanga inali yoona." Ndatopa nacho. Mwana wadzala mbewu ziwiri zokha, wayeza kamodzi, ndiye watsimikiza chiyani? Chimene angalembe n'chakuti zotsatira zagwirizana ndi ganizo lake loyamba, lomwe ndi hypothesis ija, kapena zatsutsana nalo, ndipo aonetse manambala amene akunena zimenezo.

Pali mtsikana wina amene sindimuiwala. Anadzala nyemba m'zitini zisanu ndi chimodzi, zitatu anathira feteleza, zitatu ayi. Pa bolodi analemba kuti zothira feteleza zinakula kwambiri. Nditapempha kope lake, ndinaona kuti manambala ena anafufutidwa, koma akale ankaonekabe pansi pa atsopanowo. Nyemba zopanda feteleza ndi zimene zinatalika. Zinazo zinapinimbira, masamba atapsa m'mbali. Nditamufunsa, misozi inalengeza m'maso. "Aphunzitsi, anandiuza kuti ndikalemba zoona ndilephera."

Zimandipwetekabe mpaka lero, chifukwa mwanayo anali atapeza chinthu chenicheni. Anachulutsa feteleza m'kachitini kakang'ono. Feteleza ali ngati mchere, ndipo akachuluka m'dothi mizu imalephera kuyamwa madzi, nthawi zina madzi amachita kutuluka m'mizumo, mbewu n'kufota ngakhale mukuithirira. Akanalemba kuti ankayembekezera kuti feteleza akuza nyemba, koma zinakula pang'ono, ndipo akuganiza kuti muyezo unachuluka, ndiye ulendo wina adzayesa miyezo itatu yosiyana, ndikanamupatsa malikisi ambiri mosakayika. Munthu wamkulu wina anamulanda zimenezo ndi malangizo olakwika.

Ngakhale asayansi akuluakulu manambala amawakanira. Mu 1887, ku Cleveland m'dziko la America, Albert Michelson ndi Edward Morley anayesa kupeza ether, chinthu chimene asayansi ambiri ankakhulupirira kuti kuwala kumayendamo. Sanapeze kusiyana kwa liwiro la kuwala kumene ankayembekezera, ndipo analemba zomwezo. Mu 1905 Albert Einstein anafotokoza za kuwala popanda kufuna ether n'komwe. Ganizo lokanidwa ndi zotsatira silichotsetsa malikisi. Chochotsetsa malikisi ndi mawu omaliza osagwirizana ndi tebulo la manambala anu omwe.

Musadumphenso malire. Mwayesa nyemba, nenani za nyemba, osati "mbewu zonse". Ngati zitini zina zinali pafupi ndi windo ndipo zinkalandira dzuwa lambiri, lembani. Ngati munaiwala kuthirira masiku awiri, lembani. Ife oweruza timasangalala tikaona mwana amene akudziwa pamene ntchito yake yafooka.

Koma gwero la mabodza ambiri ndi kuchedwa. Mwana akayamba kwatsala sabata imodzi, zinthu zikasokonekera alibenso nthawi yobwereza, poti nyemba sizimera usiku umodzi. Pamenepo ndi pamene amatulukira anthu aja ogulitsa mapulojekiti opangiratu, manambala ake osalala bwino, opanda ngakhale mbewu imodzi yakufa. Ena amakopera mawu omaliza pa intaneti, ena amauza mapulogalamu a pa kompyuta otha kulemba ngati munthu (AI) kuti awalembere zotsatira za zinthu zimene sanayese. Makolo, chonde, musapereke ndalama zanu kumeneko, ndipo musamugwirire mwana cholembera. Sitivutika kuzindikira. Timangofunsa kuti, "Tsiku lachisanu nambala iyi inatsika bwanji?" Amene anayeza yekha amayankha nthawi yomweyo, mwina n'kuwonjezera kuti chitinicho chinagwa. Wogula amangoyang'ana bolodi, kusowa chonena pamaso pa anzake.

Yambani kudakali miyezi iwiri, kuti kuyesa koyamba kukalephereka mubwereze. Kope la tsiku ndi tsiku lilembedwe ndi bolopeni. Nambala ikalakwika, ingoikhwatchani ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, mulembe yolondola pambali pake, ndipo kopelo mubwere nalo pa tsiku la chionetsero.