Mawu a Subbulakshmi ndi zipatala za ku Madras

Kasturba, mkazi wa Mahatma Gandhi, anamwalira pa 22 February 1944 ali m'manja mwa atsamunda ku Aga Khan Palace, mumzinda wa Pune ku India. Maliro atatha, anthu anatsegula thumba lomukumbukira, nagwirizana kuti ndalama zake zizithandiza amayi ndi ana akumudzi pa zaumoyo ndi maphunziro. Kummwera kwa India, mmodzi mwa amene anaponyamo zambiri anali mayi wosakwana zaka 30, wopanda munda kapena sitolo. Chuma chake chinali pakhosi. Ankaimba, anthu n'kulipira pakhomo, iye osatengapo kalikonse. Mayiyo anali M. S. Subbulakshmi, ndipo kufikira lero munthu akatchula za kuimba nyimbo za Carnatic, zomwe ndi nyimbo zachikhalidwe za kummwera kwa India, pofuna kuthandiza odwala, dzina loyamba kubwera m'mutu ndi lake.

Koma mwambowu uli ndi mizu yakale kuposa iye, ndipo muzu waukulu ndi manyazi amene oimba a kumeneko anali nawo pa nkhani ya ndalama.

Nyimbo za Carnatic zinakulira mu akachisi ndi m'mabwalo a mafumu, makamaka mu ufumu wa Thanjavur. Akamuna atatu amene nyimbo zawo zimaimbidwa kwambiri, Tyagaraja, Muthuswami Dikshitar ndi Syama Sastri, onse anabadwira m'tauni imodzi ya Tiruvarur. Tyagaraja, yemwe anabadwa mu 1767 n'kumwalira mu 1847, amakumbukiridwa ngati munthu amene anakana chuma cha mfumu. Oimba amasimba kuti mfumu ya ku Thanjavur itamuitana kuti akaimbe kubwalo, iye anakana, napitiriza kuyenda m'misewu akuimbira Rama, mulungu wachihindu, anthu n'kumamuthirira mpunga m'kamphika kake. Aliyense wophunzira nyimbozi amakula ndi nthano imeneyi, moti phunziro limalowa msanga lakuti nyimbo ndi nsembe, yogulitsa yadetsedwa.

Tsono mimba siimva nthano. Mu 1855 Angerezi anathetsa ufumu wa Thanjavur, ndipo pang'onopang'ono oimba anayamba kutsikira ku Madras, mzinda umene lero ukutchedwa Chennai, komwe kunali maloya, amalonda ndi akuluakulu a boma okhala ndi ndalama m'thumba. Kumeneko kunabadwa timabungwe totchedwa sabha: anthu amasonkha, kubwereka holo, kuitana woimba, n'kuika munthu pakhomo wogulitsa matikiti. Lotchuka kwambiri ndi Music Academy, lomwe linakhazikitsidwa mu 1928, ndipo ndilo linayambitsa nyengo ya maimbidwe ya mu December imene imadzaza mzinda wonse mpaka pano. Nayenso woimba Ariyakudi Ramanuja Iyengar anakonza ndondomeko yoti phwando, lomwe iwo amati kutcheri, lithe m'maola owerengeka, anthu a ntchito apeze nthawi yobwerera kwawo. Amayamba ndi nyimbo yotsegulira kukhosi, n'kubwera nyimbo za akamuna atatu aja, kenaka chigawo chachitali chimene woimba amatambasula mwaufulu raga imodzi, kutanthauza dongosolo la kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu a nyimbo, woimba vayolini akumuyankha. Pakati pake oimba ng'oma ya mridangam ndi mtsuko wadothi wotchedwa ghatam amapatsidwa bwalo paokha, ndipo kumapeto kumabwera tinyimbo tifupitifupi topepuka. Popanda holo, tikiti ndi nthawi yodziwika yoyambira ndi kuthera, palibe akanasonkhetsa ndalama ya chipatala ndi nyimbo.

Kwa mkazi vuto linali lowirikiza. Akazi amene ankaimba ndi kuvina pagulu anali ochokera m'mabanja a devadasi, momwe atsikana ankaperekedwa ku kachisi, osakwatiwa monga anzawo, ndipo ambiri ankasungidwa ndi amuna olemera. Luso linali lawo, ulemu n'kukhala wa ena. Subbulakshmi anabadwira m'banja lotere ku Madurai pa 16 September 1916. Mayi ake, Shanmukhavadivu, ankaimba veena, choimbira cha zingwe, ndipo chilembo S m'dzina lake chikuimira dzina la mayiyo, pamene M akuimira Madurai. Kumeneko n'zachilendo mwana kutenga dzina la mayi, ndiye aliyense wowerenga zilembozo ankadziwa kale kumene mtsikanayo wachokera.

Apa mpamene mbiriyi imandigwira mtima, chifukwa mumzinda wa Madras munali mayi wina wochokera m'banja la mtundu womwewo amene anatenga njira ina. Dr Muthulakshmi Reddy, wobadwa mu 1886 ku Pudukkottai, nawonso mayi ake anali a m'banja la devadasi. Iye anamaliza maphunziro a udokotala ku Madras Medical College mu 1912, analowa m'nyumba ya malamulo ya chigawocho, ndipo anamenya nkhondo yoti kupereka atsikana ku kachisi kuthe, mpaka lamulo loletsa linadutsa mu 1947. Mng'ono wake anamwalira ndi khansa mu 1923, iye akuyang'ana wopanda chomuthandizira nacho, ndipo chilonda chimenecho ndicho chinabala Cancer Institute ya ku Adyar, dera la mumzinda wa Madras, yomwe inatsegulidwa mu 1954 ndi mabedi 12 okha. Sichinali chipatala cha boma, sichinalinso cha bizinesi. Chinkadalira zimene anthu apereka. Mu 1958 Dr K. S. Sanjivi anayambitsa Voluntary Health Services pa maziko ofanana. Madras inadzipezera mtundu wa chipatala chimene chaka ndi chaka chiyenera kutambasula dzanja, ndipo kutsidya la msewu kunali maholo odzaza ndi anthu opeza bwino okonda nyimbo.

Amene anaona bwino mmene ziwirizi zingakumanirane anali T. Sadasivam, yemwe anakwatira Subbulakshmi mu 1940. Anali munthu wa chipani cha Congress amene analawako ndende chifukwa cholimbana ndi atsamunda, komanso katswiri wotsatsa malonda; mu 1941 iye ndi mlembi Kalki Krishnamurthy anayambitsa magazini ya Kalki. Ndiye ankasankha kumene mkazi wake aimbe, nyimbo zimene aimbe ndi kumene ndalama zipite. Subbulakshmi anasewerako m'mafilimu angapo, koma atamaliza Meera, yomwe inatuluka m'Chitamil mu 1945 ndi m'Chihindi mu 1947, sanabwererenso kumeneko. Anatsala ndi nyimbo zachipembedzo ndi maphwando othandiza. Woimba wa m'banja lonyozeka uja anasanduka mayi amene nduna ndi atsogoleri a zipembedzo ankaimirira akamalowa.

Ena amati Sadasivam anachita kumuumba mkaziyo kuti afanane ndi akazi a Chibrahmin, gulu lapamwamba la Ahindu, n'kumukwirira kumene anachokera. Woimba T. M. Krishna analemba maganizo a mtundu umenewu, ndipo mu 2024, Music Academy itamusankha kulandira ulemu wa Sangita Kalanidhi, mkangano unabuka mpaka oimba ena anakana kukaimba kumeneko chaka chimenecho. Ine ndikuona kuti mfundo ya Krishna ndi anzake ili ndi mutu: zachifundo zinamugulira Subbulakshmi ulemu umene mzindawo ukanamumana. Komabe wonena zimenezi asaiwale kuti banjalo silinalemere nazo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anachoka m'nyumba yawo yaikulu ya Kalki Gardens n'kukakhala m'nyumba yalendi, pamene mawu a Subbulakshmi anali atasonkhetsa kale chuma chokwanira kumanga nyumba zambirimbiri. Anaimba maphwando othandiza oposa 200, ndipo ndalama zonse pamodzi zinaposa ma rupee 10 miliyoni, a masiku amenewo, rupee isanapepuke. Mu 1974 analandira mphoto ya Ramon Magsaysay ya ku Philippines, osati m'gulu la zaluso koma la kutumikira anthu, ndipo ndalama za mphotoyo anazipereka ku ntchito zachifundo.

Munthu angaganize kuti ndalama za phwando lotere zimachokera pa matikiti. Zoona n'zakuti tikiti wamba imangothandiza kulipira holo ndi zokuzira mawu. Phindu lenileni lili pa mipando yakutsogolo, imene imapita kwa opereka zochuluka, ndi pa kabuku kachikumbutso komwe makampani amagulamo masamba otsatsira malonda awo. Woimba wamkulu akakana malipiro, oimba vayolini ndi ng'oma kawirikawiri amatsatira kapena kuchepetsa mtengo. Ndiye pakati pa phwando dokotala amakwera pansanja, n'kufotokoza mwachidule kuti ndalama yakutiyakuti ikhoza kuchotsa ng'ala m'diso la munthu mmodzi. Anthu amene angomva kumene nyimbo za Tyagaraja, wokana chuma uja, savuta kupisa m'thumba. Manyazi akale aja anapeza potulukira: ndalama ilipo ndithu, koma sikugona m'nyumba ya woimba.

Chipatala chimene dzina lake linamatirira kwambiri ku nyimbozi ndi Sankara Nethralaya, cha maso, chomwe Dr S. S. Badrinath anatsegula ku Madras mu 1978, potsatira pempho la mtsogoleri wachihindu wa ku Kanchipuram, Jayendra Saraswathi. Dongosolo lake ndi loti olemera alipire, osauka achiritsidwe ulere, ndipo mpata wotsala utsekedwe ndi zopereka. Subbulakshmi ndi mwamuna wake anali okhulupirika ku nyumba yachipembedzo ya ku Kanchipuram, choncho kuthandiza chipatalachi kunali ngati kuthandiza pakhomo pawo.

Nthawi yomweyo mwambowu unali ukuwoloka nyanja. Subbulakshmi anaimba ku United Nations mu October 1966, ndipo mu 1977 anayendayenda ku America kusonkhetsa ndalama zomangira akachisi ku New York ndi ku Pittsburgh. Amwenye a kummwera amene anakhazikika kumeneko, ambiri a iwo madokotala ndi mainjiniya, anatengera njira yomweyo. Amabwereka holo ya sukulu kapena ya kachisi Loweruka madzulo, kuitana woimba wochokera ku Chennai kapena ana awo omwe akuphunzira nyimbozi, amayi n'kuphika chakudya chogulitsa panja, ndalama n'kupita kwawo ku India. Dola imodzi ikasinthidwa kukhala ma rupee imagula mankhwala ochuluka, ndiye phwando la anthu ochepa limatha kulipira maopaleshoni amene holo yodzaza ku Chennai ikanavutika nawo.

Subbulakshmi anasiya kuimba pagulu mwamuna wake atamwalira mu 1997. Chaka chotsatira analandira Bharat Ratna, ulemu waukulu koposa m'dziko la India, woimba woyamba kuulandira, ndipo anamwalira pa 11 December 2004, nyengo ya maimbidwe ili mkati. Ena anali atanyamula kale katunduyo. Woimba Sudha Ragunathan, wophunzira wa katswiri wa nyimbozi M. L. Vasanthakumari, anakhazikitsa Samudhaaya Foundation mu 1999, bungwe lomwe limathandiza odwala ndi ovutika.

Mu 2016, pokumbukira zaka 100 chibadwire Subbulakshmi, A. R. Rahman, wopeka nyimbo wotchuka wa ku India, anaimba m'holo yaikulu ya United Nations pa 15 August, ndipo pa 2 October Sudha Ragunathan anaimbanso komweko, tsiku limene anatulutsa sitampa yokhala ndi nkhope ya mayi wa ku Madurai uja. Bungwe lomwe linagwirana manja ndi ofesi ya kazembe wa India pokonza phwando la mu August silinali sabha kapena kampani yojambula nyimbo. Chinali chipatala cha maso cha Sankara Nethralaya.